Tsiku Limene Alandilodi Anakaona Nyumba Yawo

Ku kampani kumene ankagwira ntchito yoyang'anira mosungira katundu, dzina lawo lenileni linkadziwika ndi a ku ofesi ya malipiro okha. Ena onse, kuyambira mlonda wa pageti mpaka bwana wamkulu, ankangoti Alandilodi. Nyumba anali nayo imodzi, ya zipinda zogona zitatu, kumapeto kwenikweni kwa tauni, koma akayamba kunena za "katundu wanga" mlendo ankaganiza kuti msewu wonsewo ndi wawo, ndi mitengo yomwe.

Malangizo ankapereka aulere, makamaka nthawi yopuma masana, kwa aliyense amene wachedwa kuthawa. Ankakweza supuni m'mwamba ngati ndodo ya mphunzitsi.

"Inu mukumathamangira magalimoto. Gulani malo. Malo sachita dzimbiri, malo safuna matayala. Chachiwiri, wa lendi wabwino ukam'peza, um'mange ndi pepala kuti asachoke. Chachitatu, ndipo ichi mulembe, mwini nyumba saonekaoneka. Ukamapitapita ayamba kukuonetsa mpope wodontha, mawa chitseko, mkuja denga. Pomaliza iwe ndiye wantchito wawo."

Lamulo lachitatuli ankalisunga kuposa malamulo ena onse a pa dziko. Kwa zaka zinayi sanapondeko ku nyumba yawoyo. Wa lendi wawo anali telala wina wofatsa, wolankhula ngati akupepesa, ndipo lendi inkalowa pa foni tsiku loyamba la mwezi uliwonse, iwo asanatsuke n'komwe m'kamwa. Akazi awo akati, "Bambo, bwanji Loweruka tikangodutsako, tikaone ngakhale mpanda wokha," iwo ankasekera m'mphuno.

"Mayi, nyumba si mwana woti uzikamuona ngati wadya."

Kenako zaka zinakwana zoti apume pa ntchito. Nyumba imene ankakhala inali ya kampani, ndipo kalata ya abwana inanena mosapita m'mbali kuti makiyi abwezedwe tsiku lomaliza la mwezi wachitatu kuchokera pamenepo, isanakwane teni koloko m'mawa, chifukwa wolowa m'malo mwawo anali ndi ana asanu ndipo ankadikira. Alandilodi sanatekeseke. Analemba notisi ya miyezi itatu yoti atelala atuluke, yokhala ndi mawu akuluakulu atatu amene anachita kufufuza m'buku, n'kutuma munthu kuti akapereke. Patatha sabata kunabwera envelopu ya khaki yochokera kwa atelala. Anaiyang'ana kutsogolo, anaiyang'ana kumbuyo, n'kuiponya m'dirowa ya kabati.

"Simutsegula?" anafunsa mayi.

"Ndikudziwa kale zimene zilimo. Bwana tichitireni chifundo, bwana tiwonjezereni kamwezi kamodzi. Ukawerenga, mtima umafewa, ndipo mwini nyumba wofewa mtima amathera pa khonde la eni ake. Notisi sayankha, notisi amangomvera."

Tsikulo litafika, lole inanyamula zonse za zaka makumi atatu: mipando ya pabalaza yolemera ngati ng'ombe, kabati, firiji, bedi lalikulu lamatabwa, makatoni a mbale zimene sizinadyeredwepo. Mlonda analandira makiyi. Banja la ana asanu lija linali litaima kale pakhonde ndi matilesi awo, likudikira mwaulemu wa anthu ofuna kuti uchoke msanga.

Kutsogolo kwa lole mayi anakhala pakati pa dalaivala ndi amuna awo, atakumbatira wotchi ya pakhoma imene kampani inapereka potsanzikana. Njira yonse Alandilodi ankalangiza dalaivalayo.

"Waona, mphwanga? Anzanga ambiri tsiku ngati lino amalira. Ine ndikuchoka m'nyumba ya kampani kupita m'nyumba yanga. Kusiyana kwake n'kuganiza patsogolo basi. Iwe uli ndi kamalo?"

"Ndilibe, madala," anatero dalaivala, maso ali pa msewu. "Koma thu koloko ndili ndi ulendo wina. Tikafika titsitse msanga."

Atakhota kachitatu, Alandilodi anakweza dzanja. "Ima apa."

Lole inaima. Palibe anatsika.

Mpanda unali womwewo, mtengo wa mapeyala wa pakona unali womwewo. Koma pakhoma la nyumba, pamene kale panali mita imodzi ya magetsi, panali mamita asanu ndi anayi, ondandalikidwa bwinobwino ngati ana asukulu pa mzere. Zingwe zoyanikapo zovala zinadutsa bwalo lonse, zitadzaza mayunifolomu a anamwino, maovolosi, matewera. Zenera la pabalaza, limene Alandilodi anachita kuitanitsa mwapadera kuti likhale lalikulu kuposa mazenera onse a mumsewumo, panalibe. Pamalo pake panali zitseko ziwiri zobiriwira, china cholembedwa 2, china 3.

"Tasochera," anatero mayi motsitsa mawu.

"Sitinasochere." Mawu a Alandilodi anatuluka opyapyala, ngati abwereka kwa munthu wina.

Analowa pageti akuyenda ngati anthu opita kukaona wodwala. Pa mpope wa panja panali mayi wina akuchapa. Anawayang'ana, anasuzumira lole, n'kupukusa mutu.

"Ngati n'chipinda, pepani, zadzaza. Komanso katundu ameneyo muno sangalowe. Munalembetsa?"

"Kulembetsa chiyani?"

"Pa mndandanda. Pali anthu akudikira chaka chathunthu." Anatembenukira ku galaja n'kukuwa, "Alandilodi! Kuli alendo kuno!"

"Ndine pano," anatero Alandilodi.

Mayi uja anawayang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku tayi, mwaulemu ndithu, n'kupitiriza kuchapa.

M'galaja munatuluka atelala, tepi ili m'khosi, mapini ali pakamwa. Ataona alendowo analavulira mapiniwo m'dzanja, nkhope yonse n'kuwala.

"Bwana! Amayi! Koma lero ndiye mwatikumbukira. Zaka zinayi! Lowani, lowani." Kenako maso awo anagwera pa lole, pa miyendo ya mipando yoloza kumwamba, ndipo kumwetulira kuja kunazima. "Nanga katunduyu akupita kuti?"

"Akupita m'nyumba mwanga," anatero Alandilodi. "Nyumba yanga ili kuti?"

"Ili pompano, bwana, yonse. Njerwa zimene tinachotsa poika zitseko ndinazisunga kuseri. Zenera lanu lilinso komweko, ndinalikulunga ndi makatoni."

Anawayendetsa m'nyumbamo ngati alendo a boma. Pabalaza panatuluka zipinda zitatu, zogawidwa ndi mabolodi oyera kuchokera pansi mpaka kudenga. Chipinda chodyera chinali nambala 4, ndipo munkakhala anamwino awiri osinthana bedi limodzi, wina akamapita ku ntchito wina akubwera. M'khitchini munali masitovu anayi ndi pepala pakhoma losonyeza wosesa wa tsiku lililonse. Pa chitseko cha bafa panali pepala lina la nthawi zosambira. Paliponse panali poyera moti munthu wofuna kukalipa sakanapeza poyambira.

Chipinda chachikulu, chimene mayi anasankhira okha matailosi, chinali nambala 5 ndi nambala 6. Atelala anagogoda pa 6, ndipo anatsegula bambo wina wa magalasi, cholembera chofiira chili m'manja.

"Aphunzitsi, pepani, awa ndi eni ake enieni a nyumba ino. Angofuna kusuzumira."

"Eni ake enieni?" Aphunzitsiwo anavula magalasi. "Ine ndinkayesa anamwalira."

Mayi sanamve zimenezo. Ankayang'ana pansi, pamene bolodi linadutsa pakati penipeni pa duwa la matailosi awo, masamba atatu mbali ino, ena atatu kwa anthu ena. Anakhudza bolodilo ndi chala chimodzi ngati akuyesa sitovu yotentha.

"Mayo ine," anatero.

Alandilodi anaphulikira m'kakhonde ka m'kati, mmene munali mopanikiza moti potambasula dzanja anamenya makoma onse awiri.

"Ndani anakupatsani chilolezo? Ndani? Ndikukutulutsani lero lino, inu ndi mtundu wanu wonsewu!"

Zitseko zingapo zinatseguka pang'onopang'ono. Atelala sanakweze mawu. Anawapempha kuti atuluke panja chifukwa namwino wina anali atangogona kumene, kenako analowa m'galaja n'kutuluka ndi chikwama cha pulasitiki. M'katimo munali masamba khumi ndi awiri osapindika ngakhale pakona.

"Pangano lathu, bwana. Munalemba nokha. Ine ndinangosaina pamene munaloza."

Panganolo Alandilodi ankalidziwa ngati pemphero. Analilemba sabata zitatu, ndipo anzawo anayi a ku ntchito anali atabwerekapo kuti akopere. Linkaletsa nkhuku, agalu, wailesi yokweza, kutsukira galimoto pa kapinga ndi kukhoma msomali pakhoma la pabalaza.

"Ndime yachitatu," anatero atelala, chala chikuyenda pansi pa mawu. "Panganoli ndi la zaka khumi, ndipo palibe mbali imene ingalithetse zakazo zisanathe. Ine ndinapempha ziwiri, bwana. Munati ziwiri n'zachibwana."

"Imeneyo inali yoti inu musathawe!"

"Sindinathawe, bwana. Ndime yachisanu ndi chiwiri. Zokonza ndi zosintha zonse pa nyumba ndi za wa lendi, ndipo asavutitse nazo mwini nyumba. Sindinakuvutitseni. Msomali pakhoma la pabalaza sindinakhome ngakhale umodzi. Mabolodiwa agwira pansi ndi kudenga basi."

"Nanga anthuwa? Anthu onsewa?"

"Za anthu simunalembe, bwana. Ndinawerenga kanayi. Za nkhuku ndiye zilimo."

Alandilodi anatulutsa foni n'kuimbira loya amene anadinda panganolo. Anakweza mawu a foniyo kuti bwalo lonse limve chilungamo, ndipo bwalo lonse linamvadi. Loyayo anati akuwakumbukira bwino kwambiri. Anati tsiku lija anawauza kuti awonjezere ndime ziwiri, yoletsa wa lendi kulowetsamo alendi akeake ndi yonena mmene mwini angatengerenso nyumba akaifuna, koma iwo anayankha kuti abwerera chidindo, osati maphunziro. Anati kukhoti akhoza kupita ngati akufuna, koma asayembekezere kuti zitha chaka chino, ndipo asayerekeze kutulutsa panja ngakhale supuni ya munthu.

Alandilodi anazimitsa foni, koma mochedwa. Mayi wochapa uja anali atasiya kuchapa, manja ali m'chiuno, thovu likudonthera pa mapazi.

"Kalata yanga simunalandire?" anafunsa atelala, ndipo zinaoneka kuti akudandaula zenizeni. "Ndinafotokoza zonsezi. Ndinadabwa kuti simukuyankha."

Mayi anayang'ana amuna awo. Amuna awo anayang'ana mtengo wa mapeyala.

Mayi anapatsira atelala wotchi ija kuti awagwirire. Anakwinya diresi, anaponda tayala, n'kukwera kumbuyo kwa lole, iwo amene masitepe a ku chipatala ankakwera akupumira pakati. Anakwawa pakati pa matilesi ndi firiji mpaka pa kabati, ndipo anatsika ndi envelopu ya khaki. Anaing'amba ndi mano n'kuwerenga mokweza, ataima pakati pa geti.

"Okondedwa bwana ndi amayi. Notisi ndalandira, koma pangano latsala ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo muno muli anthu amene ndinawalonjeza pokhala. Chonde bwerani mudzaone, tikambirane. Ngati mukusowa malo, nambala 6 ituluka kumapeto kwa mwezi wa mawa. Ndi mbali ya chipinda chanu chija, kumene kuli zenera. Ndikusungirani."

Anatsitsa pepalalo. "Munatisungira mpaka liti?"

"Sabata zitatu chili chotseka, amayi. Nditaona kuti kuli zii, ndinaitana aphunzitsi aja. Anali oyamba pa mndandanda."

Dalaivala analiza hutala. "Madala, wani koloko yadutsa. Nditsitse pompano, kapena mundiuze kwina. Ndipo mitambo iyo mukuiona nokha."

Kwina kunalibe. Ana awo awiri anali kutali, aliyense m'kachipinda kake ka lendi. Panatsala mng'ono wawo wa mayi, amene anali ndi chipinda cha alendo, koma mwamuna wake anali munthu amene Alandilodi anakhala akumulangiza za nyumba pa ukwati uliwonse ndi pa maliro alionse kwa zaka makumi awiri. Mayi atangoti, "Mwina tiwaimbire alamu anu," Alandilodi anakhala pansi pa sitepe ya lole n'kumasula tayi, chinthu chimene sanachitepo pagulu chikwatirireni.

"Nyumba yanga," ankangoti. "Zenera langa."

Mayi anawayang'ana kwa kanthawi, monga mmene munthu amayang'anira mphika wopserera kuti aone ngati mungapulumuke kanthu. Kenako anakokera atelala pambali, pansi pa mtengo.

"Achimwene, tilankhule ngati akuluakulu. Mamita awa, mabolodi awa, penti uyu, mwagula ndinu?"

"Ndine, amayi, pang'onopang'ono. Ndinayamba ndi chipinda chimodzi, nthawi imene zosoka zinavuta. Mita aliyense yake, kuti asamakanganirane magetsi. Munthu asanalowe ndimakafunsa kumene akuchokera kuti ankakhala nawo bwanji. Chikathyoka ndimakonza tsiku lomwelo, chifukwa munthu akaona kuti ukumusamala, nayenso amasamala. Loweruka lililonse ndimayendera chipinda chilichonse."

"Loweruka lililonse," anabwereza mayi, mokweza pang'ono kuti zimveke ku sitepe ya lole. "Mwachita bwino. Ndiye zaka zisanu ndi chimodzizo zikadzatha, zonsezi zidzakhala za ndani?"

Atelala anayang'ana mamita aja mmodzimmodzi. Zinaoneka kuti funsolo silinali lachilendo kwa iwo.

"Za eni nyumba, amayi."

"Eni nyumba ake ndi awo akhala pa sitepewo, ndi ine. Tsiku limenelo tidzakumbukira kumene tinagona lero. Inu mukufuna tidzakumbukire kuti tinagona kuti?"

Atelala anakanda m'mutu ndi choko chawo cholembera nsalu, tsitsi n'kuyera mbali imodzi. Anayang'ana galaja. Galajayo inali shopu yawo komanso chipinda chawo: makina awiri kutsogolo, bedi kuseri kwa katani.

"Galaja ili ndi mita yake, ili ndi zenera," anatero pang'onopang'ono, ngati akudziuza okha. "Ine ndikhoza kumakagona kwa mkulu wanga, si patali. Makina ndiika pakhonde, ndingotchinga mbali ya mvula. Koma amayi, ndikatero, pangano likadzatha musadzanditaye. Ndizidzakuyang'anirani nyumbayi. Ntchitoyi ndaidziwa."

"Mudzayang'anira. Koma chipinda choyamba kutuluka m'nyumba yaikulu n'chathu, osadikira mndandanda. Choyandikana nacho chikadzatulukanso, bolodi lichoke."

"Lidzachoka."

"Ndipo kuyambira lero munthu watsopano asalowe ine ndisanamuone."

Izinso atelala anavomera.

"Tilembe," anatero mayi.

Mawu amenewa anawadzutsa Alandilodi. Anaimirira n'kuyamba kusisita matumba a jekete, kufuna cholembera.

"Zolemba musiyire ine. Pafunika mutu, pafunika mawu oyamba, kenako matanthauzo a mawu amene agwiritsidwe..."

"Ayi," anatero mayi ndi atelala nthawi imodzi. Ngakhale ku mpope kunamveka ngati kwanenedwa zomwezo.

Mayi analemba okha, atatsamira pa bonati ya lole, pa tsamba lochokera m'kope la atelala, pansi pa miyeso ya thalauza la munthu wina. Inali mizere isanu ndi umodzi. Anawerenga mokweza kawiri, n'kunena kuti Lolemba apita nalo kwa loya uja, ndipo nthawi ino akakhala pansi mpaka loyayo atamaliza kulankhula. Namwino amene phokoso linamudzutsa anasaina ngati mboni, diso limodzi lili chitsinzinire. Alandilodi anasaina pomaliza. Anafunsa ngati angawonjezere deti m'mawu, ndipo anawalola.

Dalaivala anali atatsegula kale kumbuyo kwa lole. Anayang'ana khomo la galaja, anayang'ana katundu, n'kuimba kamluzu.

"Amayi, zonse sizilowa. Mipando, kabati, firiji, bedi. Musankhe."

"Bedi ndi firiji. Zinazo kuseri, tifunditse lona."

Madontho oyamba anayamba kugwa, akuluakulu, otalikirana. Zitseko zinatseguka, 2, 3, 5, ndipo anthu anatuluka osaitanidwa. Ena anathamangira zovala za pa zingwe, ena anakwera lole. Makina osokera anatuluka m'galaja atanyamulidwa ngati odwala, makatoni a mbale anayenda dzanja ndi dzanja mpaka kuseri. Alandilodi anaima pakati pa bwalo, tayi ili m'manja, anthu akuwalambalala mbali zonse ziwiri.

"Inu bambo," anatero mayi, "gwirani uko."

Alandilodi anagwira mwendo wa bedi n'kulowa m'galaja chobwerera m'mbuyo, aphunzitsi a nambala 6 akuwauza kuti aweramitse mutu.